Kaundula, Mayeso ndi Malikisi: Zimene Digiri Yachiwiri Imafuna kwa Mtolankhani wa ku Mchinji



Nkhaniyi ndi ya kabuku kakang'ono kamene wophunzira amalandira sabata yoyamba akafika kusukulu ya ukachenjede, n'kukaponya pansi pa sutikesi osakatsegula. M'kabukumo ndi mmene muli malamulo a sukulu: munthu azipezeka m'kalasi kangati, mayeso azilembedwa motani, malikisi azigawidwa bwanji, ndiponso zolakwa ziti zingamuchotsetse sukulu. Ambiri amakafunafuna madzi atafika kale m'khosi, dzina litasowa pa mndandanda wa ololedwa kulowa m'chipinda cha mayeso. Mtolankhani wa kuno ku Mchinji amene akulakalaka digiri yachiwiri, ija ya masitazi, ndi bwino akawerenge kabukuka asanalipire ngakhale tambala imodzi ya fizi. Malamulo ake ngabwino, ndipo sayenera kufewetsedwa. Vuto lake n'lakuti amene anawalemba ankaganizira wophunzira wa mumzinda, wochoka kunyumba m'mawa n'kubwerera madzulo.

Kuchokera pa Boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M12 ndi makilomita pafupifupi 110. Blantyre, kumene kuli MUBAS ndi nthambi yake yophunzitsa utolankhani, ali pa mtunda wopitirira makilomita 400, ndipo Zomba sasiyana kwenikweni. Chipata ali pafupi, kungodutsa pa Mwami, koma University of Zambia, imene yakhala ikupereka digiri yachiwiri ya zofalitsa nkhani kwa zaka zambiri, ili ku Lusaka, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Motero lamulo lalifupi lakuti wophunzira asajombe limasanduka ndalama za minibasi, za malo ogona, ndi masiku amene wayilesi ikhale yopanda mtolankhani wake.

Lamulo la dziko lino silikakamiza mtolankhani kukhala ndi digiri. Gawo 36 la malamulo aakulu a dziko, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, limapatsa atolankhani ufulu wotola ndi kufalitsa nkhani popanda kufunsa satifiketi ya munthu. Nthawi ya chipani chimodzi ambiri ankaiphunzira ntchitoyi ali pantchito pomwepo, ku MBC, ku Times kapena ku nthambi ya boma yofalitsa nkhani. Referendamu ya 1993 itatsegula khomo, nyuzipepala zinachuluka mwadzidzidzi. The Nation, imene anaiyambitsa Aleke Banda chaka chomwecho, inakhazikika, koma zambiri zinafa zisanapite patali. M'zaka zimenezo ndi mmene dziko linaona kufunika kwa sukulu: Malawi Institute of Journalism (MIJ) inatsegulidwa ku Blantyre, Polytechnic inayamba kupereka digiri ya utolankhani, ndipo Chancellor College inayamba kuphunzitsa kafalitsidwe ka mauthenga a chitukuko. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi itagawidwa, Polytechnic inasanduka MUBAS. Lero mkonzi wa nyuzipepala, mkulu wa wayilesi kapena mphunzitsi wa atolankhani amafunsidwa mapepala amene akuluakulu a kale sankafunsidwa, n'chifukwa chake digiri yachiwiri ili pakamwa pa achinyamata ambiri.

Lamulo loyamba m'kabuku kaja ndi la kaundula. Sukulu zambiri zimaika mlingo wa maphunziro amene munthu ayenera kupezekapo kuti aloledwe kulemba mayeso. Ku India mayunivesite ambiri amafuna 75 peresenti, ndipo kwina amafika pa 80. Ku Rhodes University, mu mzinda wa Makhanda ku South Africa, kumene atolankhani ambiri a kum'mwera kwa Africa akasulidwa, kuli chilolezo chimene amachitcha DP: wophunzira amene sanapezeke mokwanira kapena sanapereke ntchito zake amalandidwa chilolezocho, ndipo mayeso a phunzirolo salemba, ngakhale akhale wanzeru chotani.

Munthu wamkulu, wa banja ndi ana, amatha kudandaula kuti akuwerengedwa ngati mwana wa pulayimale. Dandaulolo likumveka, koma utolankhani uli ndi chifukwa chake chapadera. Sukulu yoyamba ya utolankhani ku America, ya ku Missouri, inatsegulidwa mu 1908, ndipo tsiku loyamba lomwelo ophunzira anatulutsa nyuzipepala. Rhodes inagula Grocott's Mail, nyuzipepala yakale ya mumzindawo, mu 2003 kuti ophunzira azigwiramo ntchito yeniyeni. Kuno kwathu MIJ ili ndi wayilesi yake. Kalasi ya mtundu umenewu ndi chipinda cha nkhani: wina atola, wina akonza, wina ajambula, wina awerenga. Mmodzi akajomba, pulogalamu imatuluka yoperewera, ndipo ovutika ndi anzake amene anabwera. Zimene mphunzitsi wanena munthu angathe kuzikopera kwa mnzake, koma mkangano wa m'kalasi, pamene anzake akung'amba nkhani yake n'kumufunsa kuti amene wamuuza zimenezi ndani, palibe angamukoperere.

Pali chinanso chozama. Ntchito yonse ya mtolankhani yagona pa kupezeka pamalo. Mu 2003 nyuzipepala ya The New York Times inachita manyazi aakulu pamene zinadziwika kuti mtolankhani wake Jayson Blair ankalemba nkhani za madera akutali ali khale ku New York. Pa nkhani ina anafotokoza kuti pakhonde la banja la msilikali wina ku West Virginia munthu amaona minda ya fodya ndi ng'ombe zikudya msipu. Mindayo kunalibe. Blair anasiya ntchito, ndipo akonzi awiri akuluakulu, Howell Raines ndi Gerald Boyd, anatula pansi maudindo awo. Kuno khalidwe lotere limabwera mwa njira ina yodziwika bwino: munthu afika pamsonkhano, asaina pepala la obwera, alandira chipondamthengo, n'kunyamuka asanamve ngakhale mlendo wolemekezeka, madzulo n'kupempha mnzake kuti amutumizire zimene zanenedwa. Wophunzira amene wazolowera kusainiridwa kaundula ndi mnzake wayamba kale ulendo umenewo. Sukulu imene ikumulekerera ikulakwira alimi a ku Mkanda ndi ku Kapiri amene mawa adzamva pa wayilesi nkhani ya munda umene mtolankhaniyo sanaupondemo.

Koma kaundula ali ndi mbali ziwiri, ndipo sukulu nazonso ziyenera kuyankhapo. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa mphunzitsi wa ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, kukamufunsa za zimene anaphunzitsa m'kalasi. Aphunzitsi ananyanyala pofuna ufulu wawo, ndipo maphunziro anasokonekera kwa miyezi pafupifupi 8. Mlandu wawo unali wolungama, komabe ophunzira anataya nthawi imene sanaibweze. Mu Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo maphunziro ena anasamukira pa intaneti, kumene wophunzira wa kumudzi ankalimbana ndi mabandulo, netiweki ndi kuzima kwa magetsi. Masiku wamba nawonso ali ndi zawo: munthu wakwera minibasi m'bandakucha kuchokera pa Kamwendo, wafika ku Lilongwe, n'kupeza uthenga pa foni wakuti aphunzitsi apita kumsonkhano. Sukulu imene imalanga wophunzira wojomba iyeneranso kulemba m'malamulo ake kuti phunziro lolephereka lidzabwezedwa liti, ndiponso kuti uthenga wosintha tsiku uzifika munthu asanakwere galimoto.

Njira yothandiza anthu a m'maboma ilipo kale, ndipo sukulu zina zimaigwiritsa ntchito: kusonkhanitsa maphunziro m'masabata awiri kapena atatu otsatizana, kapena kumapeto kwa sabata, kenako ophunzira n'kubwerera kuntchito kwawo ndi zoti akachite. Maola ake sachepa, amangounjikidwa pamodzi. Chofunika kuwonjezera n'chakuti ntchito imene wophunzira wagwira kwawo, moyang'aniridwa ndi mphunzitsi, iziwerengedwa pa kaundula. Masiku atatu amene munthu wathera pa chipata cha Mwami akufunsa madalaivala a mathiraki ndi amayi ochita malonda odutsa malire ndi maphunziro enieni a utolankhani.

Pa za zifukwa zojombera pali msampha umene umagwira Amalawi ambiri, ndiwo maliro. Malamulo a sukulu kawirikawiri amavomereza matenda okhala ndi kalata ya kuchipatala, komanso imfa ya kholo, mwana kapena mkazi kapena mwamuna wa wophunzira. Koma pakati pa Achewa malume ndi mwinimbumba, ndipo maliro awo si oti munthu n'kungotumiza chipepeso. Sukulu za kuno ziyenera kulemba malamulo odziwa zimenezi. Pakadali pano wophunzira adzithandize polemba kalata kwa mkulu wa nthambi asananyamuke kapena akangobwerako, n'kusunga kope lake. Mawu a pakamwa amene anauza mphunzitsi pakhonde sakhala umboni tsiku limene komiti ikuwerenga kaundula. Chimodzimodzinso chaka cha chisankho, monga 2025, pamene palibe mkonzi amene angamasule mtolankhani wake: ndi bwino kupempha mwalamulo kupuma temu imodzi kusiyana n'kungosowa, chifukwa wopuma mwachilolezo malo ake amasungidwa, pamene wongosowa amalembedwa kuti walephera.

Tsono mayeso. M'maphunziro ambiri malikisi amachokera mbali ziwiri: ntchito za m'kati mwa temu ndi mayeso otsiriza. Kwina zimagawidwa 40 ndi 60, kwina pakati ndi pakati, ndipo sukulu zina zimafuna kuti munthu akhoze mbali iliyonse payokha. Amene anazolowera za MSCE, kumene 1 ndi 2 ndiwo apamwamba, 3 mpaka 6 ndi makirediti ndipo 9 ndi kulakwa, ayenera kuphunzira chiwerengero chatsopano. Pa digiri yachiwiri mlingo wokhozera kawirikawiri ndi 50 peresenti. Ku Britain 60 ndi kukhoza bwino, 70 ndi kupambana mwapadera. Ku South Africa kupambana mwapadera kumayambira pa 75. Ku America amawerenga pa mlingo wa 4.0, ndipo wotsika pansi pa 3.0 amachenjezedwa. Sukulu ya utolankhani ya ku Columbia University, imene inatsegulidwa mu 1912 ndi chuma cha Joseph Pulitzer, imangolemba kuti munthu wakhoza kapena walakwa. Kudziwa kusiyana kumeneku n'kothandiza kwa amene akufunsira thandizo lokaphunzira kunja, monga la Chevening, chifukwa 68 ya dziko lina si 68 ya dziko linzake.

Wolakwa pang'ono amapatsidwa mwayi wolembanso, uja ophunzira amautcha sapu. Ambiri sadziwa kuti m'sukulu zochuluka malikisi a sapu sapitirira mlingo wokhozera, ngakhale munthu atayankha mafunso onse bwino. Sadziwanso kuti pali malire a maphunziro amene munthu angalakwe m'chaka chimodzi asanauzidwe kubwereza kapena kuchoka. Manambala amenewa ali m'kabuku kaja.

Funso loyenera kulikhalira pansi ndi lakuti mayeso a utolankhani aziyesa chiyani. Kukhala maola atatu m'holo n'kumalemba za maganizo a akatswiri kuli ndi malo ake, chifukwa digiri yachiwiri imafuna munthu wotha kulingalira za ntchito yake mozama. Koma mtolankhani amadziwika ndi zina. Ku Britain bungwe la NCTJ, limene linakhazikitsidwa mu 1951, lakhala likuyesa atolankhani pa malamulo, pa kayendetsedwe ka boma, ndi pa luso lolemba mwachidule mawu 100 pa mphindi, kuti munthu athe kulemba zonenedwa m'khoti momwe zanenedwera. Ku Medill, sukulu ya utolankhani ya Northwestern University ku America, kuli mwambo wotchuka wakuti nkhani yokhala ndi cholakwika chimodzi pa dzina, nambala kapena mfundo imalakwa yonse. Ophunzira amalira nawo, koma ngwoyenera. Munthu wa ku Mchinji akudziwa kuti ndalama ya Malawi ndi kwacha, ya Zambia nayonso ndi kwacha, koma mphamvu zake n'zotalikirana. Nkhani ya mtengo wa soya kapena mtedza pamalire imene sinanene kuti ndi kwacha iti ingathe kunyamutsa mlimi ndi matumba ake pa njinga kupita kumsika wolakwika. Cholakwika chotere sichiyenera kungochotsetsa malikisi awiri.

Nthawi nayo ndi gawo la mayeso. Sukulu zambiri zimadula malikisi pa tsiku lililonse limene ntchito yachedwa, ndipo pakapita masiku angapo siilandiridwanso. Pa utolankhani lamuloli liyenera kuuma kuposa pa maphunziro ena, pakuti nkhani za pa wayilesi zimawerengedwa pa ola lake, ndipo makina osindikizira nyuzipepala sadikira munthu. Mayeso aziyesanso malamulo a dziko lino momwe alili lero: lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zimene maofesi a boma akusunga, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, lamulo la 2016 la za pa intaneti, limene atolankhani ena amangidwa nalo, ndi malamulo oteteza ana, amene salola kuulula mwana wokhudzidwa ndi mlandu. Funso labwino la mayeso ndi lopatsa wophunzira bajeti ya khonsolo, n'kumuuza kuti alembe kalata yopempha zikalata zimene zikusowa, kenako alembe nkhani ya mphindi ziwiri imene agogo a ku Mavwere angaimve.

Za kubera mayeso Amalawi safunika kuuzidwa zambiri. Mu Novembala 2020 boma linathetsa mayeso a MSCE ali m'kati chifukwa mapepala anali atatuluka kale, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu Januwale 2021. Likasa la anthu ochepa linalanga dziko lonse. Pa digiri yachiwiri kuba kumasintha maonekedwe: kukopera ndime za munthu wina osamutchula, kulipira wina kuti alembe, kupeka anthu amene sanafunsidwe n'kuwaika mawu m'kamwa. Sukulu zambiri tsopano zimapimitsa zolemba pa makina monga Turnitin, amene amaonetsa ndime zofanana ndi zolembedwa kale. Kuyambira 2022 pabweranso mapulogalamu monga ChatGPT, otha kulemba nkhani yonse m'kanthawi kochepa, nthawi zina n'kupeka mabuku amene kulibe. Sukulu iliyonse ikuika malire ake pa zimenezi, ndipo wophunzira afunse malirewo asanayambe kulemba.

Chilango cha kuba pa utolankhani chimafika mpaka kuchotsedwa sukulu, ndipo mbiri ya Janet Cooke ikusonyeza chifukwa chake. Mu 1980 analemba mu The Washington Post nkhani ya mwana wa zaka 8 wogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, nkhani imene inagwedeza mzinda wonse mpaka apolisi anayamba kumufunafuna mwanayo. Mu 1981 Cooke anapatsidwa mphoto ya Pulitzer. Chimene chinamugwetsa chinali mapepala a sukulu. Mbiri yake itafalitsidwa, zinadziwika kuti digiri ya ku Vassar College ndi digiri yachiwiri zimene ankati ali nazo analibe. Akonzi atamupanikiza, anavomera kuti mwanayonso anali wongopeka. Mphoto inabwezedwa.

Aphunzitsi nawo angathe kuba, ndipo kuba kwawo n'kowawa kwambiri chifukwa agwira cholembera chofiira. Mu 2019 BBC Africa Eye inaulutsa kafukufuku wa mtolankhani Kiki Mordi ndi anzake, amene anajambula mobisa aphunzitsi ena a ku University of Lagos ndi University of Ghana akunyengerera atsikana amene ankawayesa ophunzira. Mordi mwiniwake anafotokoza kuti anasiya sukulu chifukwa cha mphunzitsi amene anamubisira zotsatira za mayeso atamukana. Apa m'pamene pamaonekera phindu la malamulo ena ooneka otopetsa. Pa pepala la mayeso pamalembedwa nambala m'malo mwa dzina. Mphunzitsi wachiwiri amachonganso mapepala ena. Pamabwera woyesa wochokera ku yunivesite ina, mwambo umene sukulu za kuno zinatengera ku Britain, kudzaona ngati malikisi aperekedwa mwachilungamo. Zotsatira sizituluka mpaka komiti ya nthambi ndi akuluakulu a yunivesite atazivomereza. Ndipo wophunzira ali ndi ufulu wochita apilo kuti pepala lake lichongedwenso, ngakhale kuti masiku ochitira zimenezi amakhala owerengeka ndipo nthawi zambiri pamakhala kandalama kolipira. Mtsikana aliyense wa ku Ludzi kapena ku Magawa amene akupita ku yunivesite adziwe njira zimenezi, adziwenso kuti lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza zotere. Kudandaula si chipongwe kwa aphunzitsi.

Pamene ambiri amatitimira si pa mayeso a m'holo ayi, koma pa kafukufuku. Maphunziro a m'kalasi amatha m'chaka chimodzi, anthu n'kubwerera kuntchito, kafukufuku n'kugona. Ndondomeko yake njaitali: kusankha mutu, kupatsidwa mphunzitsi woyang'anira, kuteteza dongosolo la kafukufukuyo pamaso pa nthambi, kupeza chilolezo cha komiti yoona kuti anthu ofunsidwa asavulazidwe, kutolera umboni, kulemba, kutumiza kwa oyesa a m'kati ndi akunja, kenako kukayankha mafunso pamaso pawo. Sitepe iliyonse ili ndi wotchi yake, ndipo digiri yonse ili ndi zaka zimene siyenera kupitirira. Wophunzira wa kutali amavutika kwambiri apa, chifukwa sangagogode pa ofesi ya aphunzitsi tsiku lililonse. Chomuteteza ndi kulemba: tsiku limene watumiza mutu wakutiwakuti, tsiku limene ayankha, zimene agwirizana. Sukulu yabwino imalemba m'malamulo masiku amene woyang'anira ayenera kubweza zolemba, ndiponso njira yosinthira woyang'anira zinthu zikakanika.

Komatu pa kafukufuku pomwepa m'pamene munthu wa ku Mchinji ali ndi mwayi woposa wa mumzinda. Boma lino, la anthu opitirira 600,000 malinga ndi kalembera wa 2018, lakhala likupereka nkhani ku dziko lonse lapansi, koma ozilemba amakhala alendo. Mu Okutobala 2006 woimba wa ku America, Madonna, atabwera kudzatenga mwana wotchedwa David Banda ku Home of Hope, atolankhani akunja anakhamukira kuno. Mawu a bambo ake a mwanayo ankadutsa mwa omasulira, ndipo malipoti ankasiyana: ena ankati avomera ndi mtima wonse, ena ankati sanamvetse kuti mwana akupita kwamuyaya. Munthu wokulira kuno akudziwa kuti kumudzi mwana angaleredwe ndi wina popanda kusiya kukhala wa makolo ake, pamene lamulo la kukhoti limadula chingwecho. Kafukufuku wa mmene nkhani imeneyo inalembedwera, wochitidwa ndi munthu womva zonse ziwiri, ungakhale wa mtengo wapatali. Chaka chomwecho cha 2006 pulogalamu ya Mtukula Pakhomo inayambira kuno ku Mchinji isanafalikire m'maboma ena, ndipo akatswiri a ku Boston University anabwera kudzaiunika n'kulemba zimene apeza. Mu Disembala 2022 atsogoleri a maiko awiri, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, anatsegula chipata chimodzi chogwirira ntchito pamodzi pa malire a Mchinji ndi Mwami. Kodi amalonda ang'onoang'ono amamva kuti za malamulo atsopano a pachipatapo, pa wayilesi ya Mudzi Wathu, pa Breeze FM ya ku Chipata, kapena kwa anzawo pa WhatsApp? Limenelo ndi funso la digiri yachiwiri, ndipo yankho lake lili pa mtunda wa kabaza kuchokera pa Boma.

Kuti mawayilesi a m'Chichewa ndi nkhani yoyenera maphunziro apamwamba zinatsimikizika kale. Harri Englund, mphunzitsi wa ku Cambridge, anatulutsa mu 2011 buku lonena za pulogalamu ya Nkhani Zam'maboma ya pa MBC, ndipo mu 2018 anatulutsa lina la Gogo Breeze, muulutsi wokondedwa wa ku Chipata amene ankayenda m'midzi n'kumamva madandaulo a alimi. Francis Kasoma, mphunzitsi wa utolankhani ku University of Zambia, anathera zaka zake akulimbikira kuti mtolankhani wa mu Africa aziyankha kwa anthu a m'dera lake. Chodandaulitsa n'chakuti malamulo a malikisi sanafikebe pamenepo. Khomo lolowera ku yunivesite limafuna makirediti 6 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, maphunziro ali m'Chingerezi, mayeso m'Chingerezi. Mtolankhani amene tsiku ndi tsiku amafotokozera anthu za feteleza, chuku cha mtedza ndi milandu ya malo m'Chichewa chomveka bwino amakachongedwa pa chiyankhulo chimene omvera ake sagwiritsa ntchito. Chingerezi achiphunzire ndithu, pakuti mabuku ndi malamulo ali momwemo. Koma pa ntchito zamanja, monga pulogalamu ya pa wayilesi, nkhani yofufuza kapena filimu yaifupi, sukulu zizilola Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, n'kupeza oyesa odziwa ziyankhulozo. Anthu otero alipo: ku Centre for Language Studies ku Zomba, ku MBC, ku Zodiak, ndi pakati pa akonzi a masamba a Chichewa m'nyuzipepala. Mlingo ukhale womwewo: dzina lolakwika ligwetse nkhani, mawu opeka achotsetse munthu sukulu, m'chiyankhulo chilichonse.

Chomaliza n'cha pakhomo polowera. Sukulu zopereka madigiri zachuluka, za boma ndi za anthu wamba, zina zophunzitsa pa intaneti pokha. Bungwe la National Council for Higher Education (NCHE), limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo limalembetsa sukulu ndi kuvomereza maphunziro ake, ndipo limatulutsa mndandanda wake poyera. Pofufuza, munthu asangoona dzina la sukulu, aonenso ngati digiri yeniyeniyo imene akufuna ili pa mndandandawo, chifukwa sukulu ingathe kukhala yolembetsedwa pamene phunziro lina la pomwepo silinavomerezedwe. Wofuna kuwoloka malire kukaphunzira ku Zambia afufuze ku Higher Education Authority ya kumeneko, ndipo akabwera nayo digiriyo akaipereke ku NCHE kuti aiunike asanakafunsire nayo ntchito.